Kabichi wanga analowa mu Mozambique wopanda pasipoti

A komiti ya ukwati wa mlamu wanga anandipatsa udindo wa zakudya pa chifukwa chimodzi chokha: Toyota Sienta yanga ili ndi chitsulo chokokera ngolo kumbuyo. Chitsulocho ndinachipeza chili pomwepo pogula galimoto, ndipo ntchito yake nthawi yonseyi inali yondigunda pamsongolo ndikamatsegula buti.

Ngolo ndinabwereka kwa mnzanga wowotcherera zitsulo. Apongozi aamuna anati tipitire limodzi ku Lizulu kuti mavenda asandibere.

Pamsika paja apongozi anasanduka kapitawo. Analamula kuti madengu a tomato akhale kutsogolo kwa ngolo kuti asaphwanyike, matumba a mbatata ya kachewere aikidwe kumapeto kwenikweni kuti potsitsa tisavutike, kabichi aunjikidwe pamwamba. Ndinaona ndithu kuti mphuno ya ngolo yapepuka moti mwana akanainyamula ndi dzanja limodzi. Koma ndi mkamwini uti amene amatsutsa apongozi pagulu?

Tinalowa mu M1 kulowera ku Ntcheu. Amene amayenda msewu umenewu akudziwa kuti m'dera limeneli umatsata malire: uku Malawi, kutsidya kwa phula Mozambique. Pamtsetse wina, thiraki itangotidutsa ndi chimphepo chake, ngolo inayamba kuvina. Poyamba pang'onopang'ono, kenako inadula chiuno ngati mtsikana wa chisamba, Sienta nayo n'kumavomereza. Ndinaponda mabuleki ndi mphamvu zonse, gule n'kukolera. Ndinangomva kuti gwa! Ngolo yazuka pachitsulo paja, yatsala lende pa tcheni.

Titaima, pagalasi ndinaona kabichi akugubuduzika mwaulemu, mmodzimmodzi, kuwoloka msewu kupita kudziko la eni. Ana a kutsidyako anamulandira bwino kwambiri.

"Akamwini, kodi laisensi ija munachita kugula?" anafunsa apongozi, chipewa chili m'manja.

Dalaivala wina wa lole anaima kudzatithandiza. Anazungulira ngolo ija akupukusa mutu. Anati katundu wolemera amakhala pansi, pamwamba pa ekiselo ndi kutsogolo kwake pang'ono, mwina magawo 6 mwa 10 alionse akhale chakutsogoloko, kuti mphuno ya ngolo izipsinja chitsulo chokokera. Ukalemeza kumbuyo, ngolo ndiyo imayendetsa galimoto. Ikayamba kuvina sumenya mabuleki, umangochotsa phazi pamoto pang'onopang'ono, chiwongolero utachigwira chowongoka, ndipo pamtsetse umatsika ndi giya yaing'ono. Atayang'ana loko wa pachitsulo anapeza kuti sanatsekeke, ndipo waya wa magetsi a ngolo anali chipindire, osalumikiza n'komwe. Tcheni chokha ndicho anachiyamikira.

"Koma anapakira chonchi ndani, mbatata kumchira?" anafunsa. "Ameneyo ngakhale wilibala musamubwereke."

Kunangoti zii. Apongozi anayang'ana mapiri a ku Mozambique kwa nthawi ndithu, kenako anakonza kukhosi.

"Ana a masiku ano samva, bambo. Ndinamuuza ine."

Dalaivala uja anandiyang'ana mwachisoni. Ine ndinavomera ndi mutu, pajatu mkazi ndimamufunabe.

Tinapakiranso katundu yense, mbatata patsogolo, n'kuyenda ulendo wa kamba mpaka kunyumba. Paukwati anthu anadandaula kuti kabichi anachepa, ndipo komiti inagamula kuti ndilipire ndine.