Mpiru wamtali sindiwo wobereka kwambiri

Pakati pa mpiru wosiyidwa kuti ubereke njere, maso amathamangira chomera chachitali cha masamba otambalala. Ine ndimayamba ndawerenga nthambi, timakoko ta pa nthambi iliyonse ndi njere za m'kakoko kamodzi, kenako n'kuyeza kulemera kwa njere 1,000. Zokolola zimachokera pa zinthu zimenezi, ndipo nthawi zambiri zimalimbana: timakoko tikachuluka, njere zimakonda kuchepa msinkhu.

Chovuta n'chakuti si zonse zooneka ndi maso zimene zili zachibadwa. Chomera chimene chamera pamene panagwera manyowa ambiri chimasangalatsa, koma ana ake satengera manyowawo. Kulemera kwa njere kumatsata kwambiri makolo, pamene kuchuluka kwa timakoko kumasinthasintha ndi nthaka, chinyezi ndi kutalikirana kwa mapando. N'chifukwa chake mbewu imene yapambana m'munda umodzi chaka chimodzi sindiikhulupirira msanga.

Mpiru wa mafuta, Brassica juncea, nawonso ndi mwana wa mitundu iwiri: Brassica rapa wa makromozomu (timaulusi tosunga chibadwa cha chamoyo) 20 ndi Brassica nigra wa makromozomu 16. Mpiru wa mafutawo uli ndi 36. Katswiri wa zomera Woo Jang-choon anafotokoza ubale umenewu mu 1935.

Ku India, kumene mpiru umalimidwa kwambiri makamaka m'chigawo cha Rajasthan, mbewu zambiri ndi zapachibale kwambiri, moti ukazikwatitsa phindu lake limakhala lochepa. Gulu la Deepak Pental pa yunivesite ya Delhi linakatenga kholo kutali. Linakwatitsa mpiru wa ku India wotchedwa Varuna ndi wina wotchedwa Early Heera-2, wa fuko la kum'mawa kwa Europe, n'kupeza haibulidi ya DMH-11. Ntchitoyi sinali yapafupi chifukwa duwa la mpiru limadzipatsa lokha mungu. Anachita kulowetsa mu mpiruwo majini (tizidutswa ta chibadwa) a bakiteriya wa m'nthaka kuti kholo limodzi lisatulutse mungu wamoyo, ndipo boma litavomereza mbewuyi mu 2022 mkangano wake unafika kukhoti lalikulu.

Chimene chimandikhudza ine ndi makolowo. Mpiru wa fuko la kum'mawa kwa Europe umachedwa kukhwima kumalo otentha, ndipo woona zokolola zokha akanautaya kalekale. Komatu mwa iwo muli mitundu yopirira matenda a dzimbiri loyera, amene amavutitsa Varuna. Choncho mizere yobereka pang'ono sindiizula. Njere zake ndimaziumitsa, kuzilemba dzina n'kuzisunga padera.