Lachiwiri, ndi nkhani ya lumbiro ija

Ndaweruka shifiti ya usiku koma tulo sitikubwera, mawu a amayi pa WhatsApp akungondizungulira m'mutu.

Zonse zayamba ndi fomu ya kukhonsolo, ya mwambo wolandira unzika wa kuno ku Britain. Pali poti usankhe: kulumbira m'dzina la Mulungu Wamphamvuzonse kuti udzakhala wokhulupirika kwa Mfumu Charles, kapena kungotsimikiza ndi pakamwa pako, chimene kuno amati affirmation. Mawu ake ndi pafupifupi omwewo kungoti dzina la Mulungu mulibe, ndipo pamaso pa lamulo zonse ndi zolemera mofanana. Ngakhale kukhoti, ukanama utangotsimikiza mlandu wake ndi womwewo ngati wanama Baibulo lili m'manja. Ine ndinachonga chachiwiricho basi.

Kulakwa kwanga kunali kuwauza amayi. Anayamba akhala chete kaye, ndikumva nkhuku zikulira kumbuyoko, kenako akuti "Iwe mwana, wafika pomukana Mulungu chifukwa cha pasipoti ya azungu?" Ndinati ayi amayi, tatsegulani Mateyu 5 vesi 34 mpaka 37, Yesu yemweyo anati musalumbire konse, inde wanu akhale inde, ayi akhale ayi. Yakobo 5 vesi 12 akunenanso zomwezo. Iwo akuti usandiphunzitse Baibulo ine, ndinayamba kuvala yunifomu ya Mvano iwe usanabadwe. Apo ndinangoseka, ndipo kusekako ndi kumene kwaonjezera moto.

Chimene chikundiwawa nchoti sindinachite mwachipongwe. Ndinakula ndikuona anthu akunyambita chala nkuloza kumwamba, "pali Mulungu sindinatenge ine", ndalama zili m'sokosi. Wolumbira kwambiri ndi amene ndinkamukayikira. Ndiye dzina limenelo ndilitchulirenji pankhani ya mapepala?

Ndipotu amene anatchuka ndi zokana kulumbira kuno ku England anali anthu opemphera, a Quaker. Ankalolera kumangidwa chifukwa cha vesi lomwe lija, mpaka mu 1695 lamulo linawalola kumangotsimikiza. Izi amayi ndinawauza. Chimene sindinawauze ndi cha bambo amene ndimamudutsa m'mawa uliwonse pa Abington Square kuno ku Northampton, chiboliboli choloza chala kutsogolo, masiku ena anyamata amachiveka koni yapamsewu kumutu. Ndi Charles Bradlaugh. Anthu a tauni ino anamusankha kukhala phungu mu 1880, iye sankakhulupirira zoti kuli Mulungu, anapempha kuti angotsimikiza anamukaniza, atati chabwino ndilumbira anamukanizanso ati lumbiro lako lilibe tanthauzo. Ankamuthamangitsa m'nyumba ya malamulo, anthu nkumusankhanso, mpaka 1886 ndi pamene anakhala pampando wake bwinobwino, ndipo lamulo lolola kutsimikiza kwa anthu ngati iyeyo linadutsa mu 1888. Tangoganizani amayi atamva zoti bokosi lomwe ndachongalo analimenyera nkhondo ndi munthu wotere. Akhoza kuitanitsa abusa ndi akulu ampingo onse.

Lero ndinaima pomwepo kudikira basi, kamvula kakuwaza, ndikumuyang'ana, chala chake ngati akuloza ine.

Mchemwali wanga walemba meseji kuti ndingosintha, ati zikuvuta pati, ndi mphindi imodzi yokha ndipo amayi sadzakhalapo nkomwe. Nzoona. Mwina akhoza kundilola kusintha nditawaimbira a khonsolo. Foni ili apa pambali pa tiyi amene wazizira kalekale, ndipo amayi voisi noti yanga aimvera koma sanayankhe