Chess ya chitenje kumaso

Zonsezi wolakwa ndi Timur Gareyev. Munthuyo mu 2016 ku Las Vegas anasewera chess ndi anthu 48 nthawi imodzi atamanga nsalu kumaso, n'kupambana masewera 35, uku akupalasa njinga yolimbitsira thupi. Nditawerenga zimenezo pa foni ndinati, ngati mnzathu akwanitsa mabodi 48, ine ndilephere bodi imodzi yokha, pamaso pa mwana wa Sitandade 7?

Mwanayo ndi wa mlongo wanga, ndipo chess ndinamuphunzitsa ndine. Malamulo ankawaimba ngati nyimbo ya Sande sukulu: gwira pakati pa bodi, tulutsa mahachi ndi mabishopu msanga, bisa mfumu pakona, ndipo usathamangire kutulutsa mfumukazi.

Loweruka masana tinakhala pakhonde. Ndinabwereka chitenje cha mayi a kunyumba, n'kuchikulunga mutu wonse kuti pasakhale wonena kuti ndikusuzumira. Ana apafupi anadzaza.

"e4," ndinatero mwaulemerero, kutchula dzina la bokosi la pa bodi pomwe pawn yanga, kamsilikali kakang'ono, ipite.

"e5, amalume."

Apa satana wa matama anandilowa. Ndinafuna kumupha m'mayendedwe anayi okha kuti anawo akasimbe kwawo. Mfumukazi ku h5, lamulo langa lomwe ndaliponda. Iye hachi ku c6. Ine bishopu ku c4. Ndiye wailesi ya aneba inakuwa kuti chigoli, ana n'kukuwa nawo, ndipo zomwe mwanayo ananena zinalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

"Mfumukazi idye pa f7. Checkmate!" Ndinayamba kale kumasula chitenje.

"Amalume, idutsa pati? Pa g6 pali pawn yanga."

Ndinamanganso chitenje mwakachetechete. Bodi ili ndi mabokosi 64 okha, koma m'mutu mwanga anachuluka ngati anthu mu msika wa Limbe. Pofuna kuonetsa kuti sindinatekeseke, ndinati hachi ipite ku f3. Pawn ija inangodya mfumukazi yanga pa h5, phwiii, ana n'kugwa nacho chiseko.

Kuchokera apo ndinkayendetsa zinthu zakufa kale. "Bishopu uja munadyetsa, amalume." "Hachi siyenda choncho, amalume." Ndinapempha nthawi yoti ndiganize mozama. Ndinaganizadi, moti sindinamve kuti nsima yapsa ndipo gulu lonse lasamba m'manja kuseri.

Ndinatsala ndekha, mutu uli m'chitenje, ndikung'ung'udza: "b1, c3, d5... ayi, pamenepo pali munthu wakuda... aphedwe ameneyo." Kenako ndinamva mapazi, wina n'kukhala pampando mwakachetechete.

"Wabwera eti?" ndinatero. "Khala bwino. Lero mfumukazi yakoyo ndiidya, ndipo mfumu yako ilira."

Kunamveka kutsokomola kosakhala kwa mwana. Ndinakweza chitenje pang'ono. Apongozi, atangotsika minibasi kuchokera ku Dedza, thumba la mbatata lili pamapazi. Ine amene sindinayambe ndawayang'anapo m'maso chikwatirireni!

Sanandiyankhe ine. Anaitana mwana wawo.

"Iwe, bambo a kunyumba kwakowa zausing'angazi anayamba liti?"

Ndinayesa kufotokoza za Gareyev, za Las Vegas, za njinga. Anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu, kenako anasendeza mpando pafupi n'kutsitsa mawu.

"Musachite manyazi, bambo, ndi mphatso imeneyo. Bwezeraninso nsaluyo kumaso. Kwathu kwasowa mbuzi ziwiri, ndipo ine ndikukayikira munthu wina wake."