Sabata yong'amba timibulu ta kumizu ya soya

Lolemba tinazula soya amene tinabzala m'mapoto n'kutsuka mizu yake. Kuyambira Lachiwiri ndakhala pa tebulo la m'labotale, lezala m'manja, kung'amba timibulu ta kumizu kamodzikamodzi. M'timibuluti mumakhala bakiteriya amene amakoka nayitrojeni mumpweya n'kupatsa chomera, chomeracho n'kumawapatsa shuga. Kambulu kamene kakugwira ntchito kamakhala konenepa, kofiirira mkati chifukwa cha leghemoglobin, puloteni yofiira yonyamula okosijeni. Kopanda phindu kamakhala kakang'ono, kotuwa. M'mapoto ena tinathira mtundu wa bakiteriya a Bradyrhizobium okoka bwino nayitrojeni mumpweya, m'ena mtundu waulesi, ndipo m'ena tinaphatikiza yonse iwiri.

Lachitatu mtsikana amene wangoyamba kumene ntchito anandifunsa funso limene ndimafuna aliyense pano azidzifunsa. Anati, poti kukoka nayitrojeni kumadya mphamvu zambiri, bwanji bakiteriya ongodya shuga wa chomera osabweza kanthu sanachuluke n'kuthetsa mgwirizanowu kalekale? Ndinamufotokozera zimene wasayansi Toby Kiers ndi anzake anapeza mu 2003. Iwo anatsekera timibulu ta soya mumpweya umene anachotsamo nayitrojeni n'kuikamo mpweya wina wotchedwa argon, kuti bakiteriya alephere kupereka kanthu. Soya anachepetsa okosijeni wolowa m'timibuluto, ndipo kuchulukana kwa bakiteriyawo kunatsika ndi pafupifupi theka. Choncho waulesi amasiya ana ochepa, wolimbikira amasiya ambiri, ndipo m'badwo wotsatira m'nthaka mumachuluka olimbikira. Mikuyu ina nayonso imayoyola nkhuyu zimene timavu take taikiramo mazira osabweretsa mungu.

Koma zimene ndaona Lachinayi ndi Lachisanu ndi zimene zandigwira mtima. Mitundu iwiri ya bakiteriya ija tinaiika zizindikiro zowala, wina chobiriwira, wina chofiira. Pa maikulosikopu, timibulu tina ta m'mapoto ophatikiza tinali ndi mitundu yonse iwiri mkati, kuyandikana. Pamenepa mpovuta, chifukwa ngati chomera chikuweruza kambulu konse pamodzi, waulesi akhoza kubisala kumsana kwa wolimbikira n'kumadya nawo. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo si ya m'labotale mokha: mlimi akapaka pa mbewu inokulanti, yomwe imakhala ndi bakiteriya olimbikira, bakiteriya abwinowo amakalimbirana mizu ndi a m'nthaka, amene ena mwa iwo sapereka zambiri.

Timibulu tosakanikirato ndatipatula n'kutisunga mufiriji. Sabata yamawa titinyenya, tifese madzi ake pa agar (chinthu chonga jeli chimene timakuzirapo bakiteriya), kenako tiwerenge kuti pa mitundu iwiriyi ndi uti wachulukana kwambiri mkati mwa kambulu kamodzi.