Phwando la agulugufe: pomwe ndafika

Mapiko ndadula onse, timbendera talowa pachingwe, keke yoyeserera ndaphika ndipo yadyedwa. Zatsala ndi kumanga malasitiki, kudula maluwa oyala pansi, ndi kulemba ndondomeko ya tsikulo kuti bambo a mwana wanga ndi achemwali anga aliyense adziwe poima. Mwana wanga wamkazi akukwanitsa zaka 4 kumapeto kwa mwezi uno. Nditamufunsa phwando lomwe akufuna sanachedwe kuyankha: "La agulugufe, amayi. Ine ndikhale wachikasu." Zodula mapepala, kumata ndi kusoka ndi zomwe ndimapumulira nazo madzulo ana akagona, choncho ntchitoyi ndinailandira ndi manja awiri.

Alendo ndi nthawi

Ndisanagwire sizasi ndinayamba ndakhazikitsa zinthu ziwiri: kubwera ana angati, ndipo akhala nthawi yaitali bwanji. Pali kalangizo komwe makolo amauzana, koti alendo akhale ofanana ndi zaka za mwana n'kuwonjezerapo mmodzi. Si lamulo la akatswiri, koma kwa wangayu kakugwirizana ndi zomwe ndimaona. Akakhala ndi anzake ochepa amalankhula, amatsogolera masewera, amaseka mpaka misozi. Pagulu lalikulu amandigwira mwendo osausiya. Ndiye taitana anzake 5, iye wachisanu ndi chimodzi.

Agogo ake sizinawakomere. "Nanga anzake ena a kusukulu ya mkaka aja sadandaula?" Ndinawayankha kuti, "Amayi, tikadzaza nyumba, mwini phwando akhala pakona n'kumalira." Tinamvana kuti ndikapempha aphunzitsi ake ngati angalole kuti patsiku lenilenilo ndipititse kenakake koti kalasi yonse igawane.

Phwando liyamba 10 koloko m'mawa n'kutha 11:30. Malangizo a mu 2019 a World Health Organization, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati mwana wa zaka 3 kapena 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndipo pa ana taitanawa alipo omwe amagonabe akadya nkhomaliro. Phwando la masana limawapeza atatopa kale. Pamakadi oitanira ndalemba nthawi yoyamba ndi yothera, ndapempha kuti kholo limodzi likhale nafe, ndipo ndafunsa ngati pali chakudya chomwe mwana chimamuchititsa ziwengo. Mayi mmodzi wayankha kale kuti wake sadya mtedza ngakhale pang'ono, ndiye mtedza sulowa m'khitchini mwanga sabata yonseyo.

Mapiko

Apa ndi pomwe mtima wanga uli, ndipo ndi pomwe nthawi yambiri yapita. Ndagwiritsa ntchito makatoni opyapyala, chifukwa okhuthala aja amalemera pamsana pa mwana ndipo sizasi imakana. Ndinajambula phiko limodzi papepala lopinda pakati, n'kulidula kuti mbali ziwiri zifanane, kenako pepalalo ndi lomwe ndakhala ndikulondola nalo pamakatoni onse. M'lifupi mwa mapiko onse awiri ndi masentimita 50. Kuposa pamenepo mwana amakodwa pakhomo ndipo amagunda anzake kumaso akamatembenuka. Mapiko awiriwo ndi katoni imodzi yosaduka, ndangoipinda pang'ono pakati kuti mwana akamathamanga azikupiza okha.

M'mphepete monse ndazunguliza tepi ya pepala, poti katoni yodula kumene imacheka khungu. Pakati ndaboola mabowo 4, awiri mmwamba awiri mmunsi, ndipo bowo lililonse ndalimata tepi mbali zonse kuti lasitiki ikamakoka lisang'ambike. Lasitiki ikhala ziwiri, iliyonse kuphewa kwake, ngati malamba a chikwama cha kusukulu. Chingwe chodutsa pakhosi ayi, ngakhale cha chisoti. Ndadula mapeyala 7, imodzi yapadera, chifukwa mlendo akhoza kubwera ndi mng'ono wake kapena phiko lina kuthyoka.

Ndawapaka utoto woyera kamodzi kokha n'kuwasiya choncho. Kunena zoona manja anandiyabwa. Ndinali nditaganiza kale mizere ndi madontho omwe ndikanajambula, ndipo akanaoneka bwino pazithunzi. Koma ana safika nthawi imodzi, ndipo mwana wofika woyamba amafuna chogwira pompopompo, apo ayi amabisala kumbuyo kwa mayi ake. Ndiye mapikowo akakongoletsa okha. Patebulo lalifupi pakhala makrayoni akuluakulu, mapepala amitundumitundu ong'ambang'amba ndi guluu wopaka. Ndinamupatsa wangayu peyala yoyeserera, ndipo anakhala duu nthawi yaitali kuposa momwe amakhalira ndi chidole chilichonse. Mbali imodzi anaidzaza chikasu chokhachokha, inayo anamatapo mapepala mulu pamalo amodzi. Sindinamukonzere kalikonse.

Mikanda, mabatani ndi tonyezimira tija ta ufa ndaziika kutali. Tonyezimirato timalowa m'maso. Za mikanda, oyesa zoseweretsa ali ndi kachitini kotseguka masentimita 3.17 m'mimba mwake, ndipo chinthu chomwe chalowamo chathunthu amachiwerenga kuti chingatsamwitse mwana wosakwana zaka 3. Alendo athu ndi okulirapo, koma mayi wina abwera ndi khanda lokwawa, ndipo chogwa pansi chimathera mkamwa mwake.

Masewera opanda wotuluka

Ndimakumbukira zomwe ndinawerenga za Mildred Parten, yemwe anafufuza kaseweredwe ka ana aang'ono ku University of Minnesota n'kufalitsa zomwe anapeza mu 1932. Anaona kuti ana amayamba ndi kusewera payekhapayekha, kenako moyandikana aliyense ndi zake, kenako amayamba kubwerekana zinthu ndi kulankhulana koma popanda cholinga chimodzi, ndipo kusewera mogawana maudindo kumabwera pambuyo. Ana a zaka 3 ndi 4 ambiri amakhala cha pakati pamenepo. N'chifukwa chake masewera a matimu, a malamulo ambiri, ndi odikirira nthawi yako pamzere ndawachotsa onse.

Masewera othamangira mipando nyimbo ikasiya ndimawakonda, koma kwa ana amsinkhu uwu ali ndi vuto limodzi lalikulu: woyamba kutuluka amalira, ndipo nthawi zambiri amakhala wamng'ono kwambiri kapena wamanyazi uja. Ndawasintha chonchi. Ndidula maluwa akuluakulu a katoni n'kuwamata pansi ndi tepi kuti asaterereke. Nyimbo ikamalira agulugufe aziuluka, ikasiya aliyense atere pa duwa. Maluwa akhala ochuluka kuposa ana ndipo palibe lochotsedwa. Kuti asatope nazo ndizisintha mawu: terani pa lofiira, terani awiriawiri, terani ndi mwendo umodzi.

Enanso ndi omwe andisangalatsa kwambiri powakonza, otsanzira moyo wa gulugufe weniweni: dzira, mbozi, chikwa, kenako gulugufe. Ana ayamba atadzipinda pansi ngati mazira. Akwawa m'ngalande ya makatoni awiri akulu omwe ndatsegula mbali zonse, ndiwo mbozi zimenezo. Potulukira achemwali anga azimufunditsa mwana aliyense nsalu yopepuka kuchokera m'mapewa kutsika, nkhope ili poyera, tonse n'kuwerenga mpaka 5, kenako nsalu ichoke avale mapiko omwe wakongoletsa yekha aja. Titayeserera Loweruka, wangayu anabwerera kungalande mobwerezabwereza osafuna kusiya. Ndaphunzirapo kuti masewera ochepa obwereza akwanira, ndiye mndandanda wanga ndaufupikitsa, atsala atatu okha.

Achitatuwo ndi thovu louluka. Ndimasakaniza makapu 6 a madzi, kapu imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale, ndi supuni yaikulu imodzi ya glycerine, kutakasa pang'onopang'ono kuti pasachite thovu pamwamba, n'kusiya zigone usiku wonse. Glycerine amachedwetsa kuuma kwa madzi a pakhungu la thovulo, ndiye limauluka nthawi yaitaliko lisanaphulike. Ndithira m'mbale zosaya, osati mu ndowa, chifukwa ndowa ya madzi ndi khanda lokwawa siziyenera kukhala pabwalo limodzi. Masewerawa achitikira pa udzu, poti sopo akatayikira pa simenti kapena pamatailosi pamaterera koopsa.

Mabaluni ndawasiya

Bambo ake anadabwa nazo. "Phwando la mwana lopanda baluni, mayi ake?" Ndinawaonetsa chenjezo lomwe limalembedwa pamapaketi ambiri, loti ana osakwana zaka 8 akhoza kutsamwa ndi baluni yosapopa kapena zidutswa za yophulika. Mphira wake umamatirira kummero n'kutseka mpweya, ndipo ndi wovuta kuutulutsa. Komanso wangayu phokoso la baluni ikaphulika amaliopa zedi. M'malo mwake ndapinda agulugufe a mapepala, kupinda kobwerezabwereza kutsogolo ndi kumbuyo n'kumanga pakati ndi ulusi, ndipo ndiwapachika mmwamba pomwe dzanja la mwana silifika. Timbendera ndi ta makona atatu, masentimita 15 mmwamba ndi 20 kutsika, tachikasu, tabuluu ndi toyera.

Ndakananso timagetsi tokongoletsera ndi makandulo oimba nyimbo aja. Zambiri mwa izo zimayendera timabatire tozungulira tophwatalala, ndipo kabatire kotere kakakakamira kummero kwa mwana kamatha kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Makandulo wamba 4 atikwanira.

Keke

Yoyeserera inatuluka bwino, ndipo ndilembe muyeso wake pano ndisanaiwale. Ndimayeza mazira 4 pasikelo ali ndi zikamba zawo, kenako batala, shuga ndi fulawa wokhala kale ndi chotupitsa, chilichonse kulemera kofanana ndi mazirawo. Batala ndi shuga ndimazipuntha mpaka ziyere ndi kupepuka, mazira alowe limodzilimodzi, fulawa pomaliza mosakaniza mofatsa. Zilowe m'mathini awiri a masentimita 20, mu uvuni wa madigiri 180, kwa mphindi 20 mpaka 25. Chitseko cha uvuni chisatsegulidwe koyambirira, keke imaphwa pakati.

Kupanga gulugufe n'kosavuta kuposa momwe kumaonekera. Keke yozungulira ija imadulidwa pakati, zidutswa ziwirizo n'kuzitembenuza kuti mbali zokhota zigundane misana, zowongoka ziyang'ane kunja. Pambali yowongoka iliyonse ndimadulapo kachidutswa ka makona atatu kuti phiko la mmwamba lisiyane ndi la mmunsi, ndipo tizidutswato ndi tomwe ndimaumbira thupi pakati. Zopaka pamwamba ndi gawo limodzi la batala ndi magawo awiri a icing sugar. Chifukwa malo odula amagwetsa nyenyeswa, ndimayamba ndapaka kopyapyala, kuika mufiriji mphindi 30, kenako kupaka kwenikweni. Keke iyenera kuzizira kaye mpaka mkati, apo ayi zopakazo zimasungunuka. Madontho a pamapiko akhala a zipatso zofewa zodula mopyapyala, masiwiti olimba ayi.

Chinthu chimodzi ndachilemba ndi zilembo zazikulu pandondomeko: mapiko avulidwe makandulo asanayatsidwe. Katoni, mapepala ndi moto, ana 6 akukankhana kuti aone keke, sindikufuna ngakhale kuziganizira. Tsitsi la mwini phwando limangidwanso kumbuyo.

Zakudya zina ndizochepa, chifukwa ana akasangalala sadya zambiri. Mphesa ndizidula m'litali zidutswa zinayi, chifukwa yathunthu imakwana ndendende pammero wa mwana wosakwana zaka 5. Mbuliwuli ndi masiwiti olimba palibe. Onse adya atakhala pansi, atasamba m'manja ndi sopo poti akhala atagwira guluu ndi thovu. Zipatso zodula ndizitulutsa mufiriji nthawi yakudya itakwana, popeza siziyenera kukhala panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi lokha.

Zomwe ndakambirana ndi mwini wake

Ana ena amalira anthu onse akawayang'ana n'kuyamba kuwaimbira mokweza, ndiye ndinamufunsiratu. Anaganiza kaye, n'kunena kuti, "Aziimba motsitsa, amayi, ndipo inu mundinyamule." Zikhala momwemo, ndipo makolo ndiwauza tisanayambe. Tasankhanso limodzi zidole zomwe sakufuna kuti wina azigwire, ndipo zimenezo zikagona m'kabati tsiku limenelo. Zotsala pabwalo ndi zomwe wavomera yekha kubwereka.

Mphatso atsegula alendo atapita. Mwana wa zaka 3 kapena 4 zimamuvuta kuonerera mnzake akutsegula chidole chomwe iye wabweretsa koma osaloledwa kuchigwira, ndipo wolandirayo amanena zakukhosi kwake mosabisa ngati chinthu sanachikonde. Madzulo ake atsegula mwaufulu, kenako tijambula timakadi tothokoza, iye zithunzi ine mawu. Matumba a mphatso za alendo sindikonza. Aliyense apita ndi mapiko ake ndi chidutswa cha keke.

Mawa ndigula lasitiki yofewa, ya sentimita imodzi m'lifupi, chifukwa yopyapyala ija imadya m'khwapa. Ndiilowetsa m'mabowo koma mfundo sindimanga, ndidzamangira pamwana aliyense akafika, poti mapewa awo ndi osiyana. Maluwa oyala pansi ndidula 9, ndipo ndikufuna ndiwapake utoto sabata ino kuti aume bwino fungo lithe.