Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Njala ya ku Guangzhou

Gawo lapitalo ndinalekezera tikutsika ndege pa bwalo la Baiyun mumzinda wa Guangzhou ku China, titachoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa, ine ndi alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu. Alamuwo anali atapitako kale kawiri kukaoda zovala. Lero ndikamba za chakudya. Anzanga ofuna kukaoda katundu amandifunsa za mitengo ya nsapato ndi za kontena, koma palibe amene amafunsa kuti akadya chiyani, pamene chimenecho ndiye chinatsala pang'ono kundiwonongera ulendo wonse.

Tinafikira pa kahotela kena ku Xiaobei, dera limene amalonda a ku Africa amalikonda. Mukatuluka pa siteshoni ya Xiaobei, pa laini 5 ya sitima ya pansi pa nthaka, mumamva Chiswahili, Chifalansa, Chiarabu, ndipo chapafupi pali nyumba yaitali ya Tianxiu yodzaza timashopu. Munali mu Okutobala, nyengo ya Canton Fair, chionetsero cha malonda chimene chimachitika kawiri pa chaka ku Pazhou, ndiye anthu anali piringupiringu paliponse.

Ndinafika ndi mantha amene ndinachoka nawo kwathu. Amayi anzanga anali atandiuza kuti kumeneko amadya agalu ndi njoka, ndisamale ndi chilichonse cha msuzi. Ndinanyamula ufa woyera wokwana makilogalamu 3 m'chikwama, koma m'chipinda munalibe pophikira, munali ketulo yokha. Masiku atatu ndinangodalira buledi, nthochi ndi tiyi. Tsiku lachinayi, tili pa msika wa zovala wa Baima, pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima, ndinamva chizungulire pa masitepe, m'maso munachita mdima, ndinakhala pansi nditakumbatira jumbo la masampulo. Alamu sanakalipe. Anandigwira pamkono nati, "Alamu, ndalama za anthu zili m'chiuno mwanumo. Mukagwa pano tikauza chiyani achimwene anu? Dzukani, tikadye."

Anandilowetsa m'kalesitilanti ka matebulo ochepa, ka mtundu umene amautcha Lanzhou lamian. Malo amenewa ali pafupifupi msewu uliwonse, ndipo eni ake ambiri ndi Asilamu a mtundu wa Hui, choncho nkhumba simuipezamo. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti zonse zimachitika inu mukuona. Mnyamata wovala kachipewa koyera anadula mtanda wa ufa wa tirigu, n'kuutambasula ndi manja awiri, n'kuupinda, n'kuutambasulanso, kuumenyetsa patebulo kuti phwa! Akapinda kamodzi, zingwe zimachuluka kawiri, mpaka pakati pa zala zake panalendewera tizingwe tosawerengeka. Anatiponya m'mphika wowira, posakhalitsa mbale inali pamaso panga: msuzi wa ng'ombe woyera mbee, tinyama todula mopyapyala, masamba onunkhira ndi mafuta a tsabola pambali. Timitengo todyera tinandikanika, mayi wa pamenepo ataona anandibweretsera foloko mwakachetechete. Ndinamwa msuzi wonse, thukuta lili kamukamu, ndipo miyendo inasiya kunjenjemera. Sindinalipire ngakhale ma yuan 20.

Ngati mukupita koyamba, yambirani pamenepo. Zithunzi za zakudya zili pakhoma, mumangoloza ndi chala. Musadabwe akakupatsani madzi otentha akumwa m'malo mwa ozizira, ndi mwambo wawo.

Madzulo tinkayenda mu kamsewu ka Baohan Zhijie, kuseri kwa Xiaobei komweko. Kumeneko anthu a mtundu wa Uyghur, ochokera ku Xinjiang, ankawotcha kanyenya wa nkhosa pa makala ndi kugulitsa buledi wozungulira wophika m'ng'anjo ya dothi. Utsi wake unkandikumbutsa pachiwaya madzulo. Nsima nayonso ilipo, koma siipezeka pamsewu. Mayi wina wa ku Zambia amene tinakumana naye m'chikepe ndiye anatilondolera ku nyumba ina yosanja, kuchipinda chopanda chikwangwani, kumene mayi wa ku Tanzania ankaphika ugali, nyemba ndi nsomba. Nditasamba m'manja n'kutema mbamu yoyamba, misozi inalengeza, ndinakumbukira ana anga. Komabe sindingakulangizeni kudya kumeneko tsiku ndi tsiku. Mtengo wake ndi wokwera kuposa chakudya cha eni dera, ndipo ndalama ya oda imathera m'zinthu zotero osazindikira.

M'mawa ndiye ndinapeza chakudya chimene mimba yanga inachilandira ngati chakwathu: phala la mpunga, iwo amati zhou, lophikidwa mpaka njere kusungunuka, lothira nsomba kapena nkhuku ndi jinja. Palinso changfen, ufa wa mpunga wosungunula umene amauthira pa thireyi, n'kuuphika ndi nthunzi, n'kuupindapinda. Ndiwo zamasamba ndi zapachibale ndi chayinizi wathu yemweyu, kungoti iwo saphika nthawi yaitali ndipo sathira tomato. Anthu a ku Guangzhou sakonda tsabola wambiri, koma nkhumba amaiika m'zakudya zambiri, ndiye ngati simudya, lowezani mawu awa: bu yao zhurou, kutanthauza kuti sindikufuna nkhumba.

Lamulungu lomaliza, katundu atapita kale kwa otumiza, alamu anati tikamwe tiyi ngati eni mzinda. Tinakwera laini 1 mpaka Changshou Lu, n'kuyenda pansi kulowera ku Shangxiajiu, kumene nyumba zakale zili ndi makhonde aatali ophimba njira, ngati masitolo akale a ku Limbe. Pa msewu wa Dishifu pali Tao Tao Ju, nyumba ya tiyi imene inayamba mu 1880. Tinadikira pamzere, kenako anatikhazika tebulo limodzi ndi agogo awiri, mwamuna ndi mkazi wake.

Agogo aakaziwo anatiyang'ana kanthawi, kenako anakoka makapu athu. Anathira tiyi woyamba m'kapu, n'kutsukiramo timitengo ndi supuni, n'kukhuthulira m'beseni lomwe linali pakati pa tebulo. Atatithirira tiyi woti timwe, anagwira dzanja langa n'kugogodetsa zala zanga ziwiri patebulo. Ndiko kuthokoza kwawo munthu akakuthirira tiyi. Madzi atatha m'tiipoti, anangotsegula chivundikiro n'kuchisiya chopendekera, woperekera zakudya anabwera yekha kudzawonjezera. Sitinamvane liwu ngakhale limodzi, koma mmene ankandiwongolera zinali ngati mmene anakubala amachitira ndi mtsikana kuchinamwali.

Zakudya zinkabwera m'timadengu tansungwi totuluka nthunzi, tizidutswa titatu kapena tinayi m'dengu limodzi. Munali timitanda toonekera mkati tokhala ndi tinkhanu ta m'nyanja, amati har gow. Kenako agogo anakankhira dengu lawo kwa ine n'kuvundukula. Zipalapasiro! Zofewa mpaka kusiyana zokha ndi fupa, zophikidwa mu msuzi wa nyemba zakuda. Ndinawaonetsa ndi manja kuti kwathunso timadya, iwo anaseka n'kuitanitsa dengu lina. Tinakhala pamenepo pafupifupi maola awiri, ndipo palibe amene anatifulumizitsa.

Usiku umenewo, polongedza, ndinapeza ufa wanga uja pansi pa chikwama, uli chimangire. Ndinakwera nawo kwa mayi wa ku Tanzania uja. Anamasula jumbo, anatapa pang'ono n'kuufikisa pakati pa zala, n'kuununkhiza, kenako anafunsa kuti ndani anakonola. Ndinati amayi anga. Anateleka madzi pomwepo, ndipo nsima imeneyo tinadya anthu atatu, ndi nyemba.

Gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene katundu wathu anayendera panyanja mpaka kufika ku Lilongwe.