Tibokosi tiwiri tomwe ndinaiwala pa chi-squared

Ndinali ndi njere 200 za mtundu umodzi. Zokwana 100 ndinaziviika m'madzi usiku wonse, zina 100 ndinazidzala zouma. Mwa zoviika zinamera 70, mwa zouma zinamera 50. Pongoona, kuviika kunathandiza, koma kusiyana kotereku kumatha kungochitika mwamwayi. Ndiye ndinatembenukira ku chi-squared, njira yomwe Karl Pearson anaitulutsa mu 1900, yofufuzira ngati zinthu ziwiri zoikidwa m'magulu zili pa ubale kapena chilichonse chikuyenda pachokha.

Ndinajambula tebulo la tibokosi tinayi: zoviika zomera 70, zoviika zosamera 30, zouma zomera 50, zouma zosamera 50. Zomera zonse 120, zosamera 80.

Apa ndi pomwe pali mtima wa nkhaniyi. Umayamba wayerekeza kuti kuviika kulibe ntchito, kenako n'kudzifunsa kuti zikanakhala choncho, m'kabokosi kalikonse mukanagwa njere zingati. Umatenga chiwerengero chonse cha mzere wopingasa, n'kuchulukitsa ndi cha mzere wotsika, n'kugawa ndi njere zonse. Kwa zoviika zomera, 100 kuchulukitsa ndi 120, kugawa ndi 200, ndinapeza 60. Zosamera, 40. Kwa zouma chimodzimodzi.

Kenako pa kabokosi kalikonse umachotsera choyembekezeka ku chomwe unapezadi, yankholo n'kulichulukitsa ndi ilo lomwe, n'kugawa ndi choyembekezekacho. Pa zoviika zomera, 70 kuchotsera 60 ndi 10, ndipo 10 kuchulukitsa ndi 10 ndi 100; 100 kugawa ndi 60 ndi 1.67. Pa zouma zomera inatulukanso 1.67. Ndinaphatikiza ziwirizo n'kupeza 3.33. Tebulo la mizere iwiri mbali zonse lili ndi degree of freedom imodzi (kutanthauza kuti ukadziwa kabokosi kamodzi ndi ziwerengero zonse za mizere, tinato timadziwika tokha), mfundo yomwe Ronald Fisher anaikonza mu 1922, ndipo pa mlingo wa 0.05 (mpata wa 5 pa 100 wonena kuti pali ubale pomwe palibe) malire omwe yankho liyenera kupyola kuti unene kuti ubale ulipo ndi 3.84. 3.33 yanga ija inali pansi pake. Ndinalemba kuti palibe umboni wa ubale, koma mtima sunakhazikike.

M'mawa mwake, nditayang'ananso pepala lija, ndinaona tibokosi ta zosamera tili tokhatokha, topanda cholembedwa m'mbali. Ndinali nditatengeka ndi zomera, ngati kuti njere yolephera kumera siyiwerengedwa. Chikhalirecho tibokosi timeneto ndi tomwe timalemera kwambiri, chifukwa 100 kugawa ndi 40 ndi 2.5. Zonse zinayi pamodzi zinakwana 8.33, kupyola 3.84 patali ndithu. Ubale ulipo.

Ndisanatseke kope ndinatsimikiza zinthu ziwiri zomwe ndimaumirira aliyense wondifunsa. M'tebulo mulowe chiwerengero chenicheni cha njere, osati maperesenti. Komanso zoyembekezeka zisachepere 5. Zikachepa, njira ina yofufuzira ubale womwewu, yotchedwa Fisher's exact test, ndiye yoyenera. Zanga zinali 60 ndi 40, choncho ndinafufuta yankho la dzulo lija n'kulemba 8.33 pansi pa tebulo.